Zaka ziwiri za Mayi Joyce Banda tidaziweruza mopupuluma

Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2014, anthu anayi mwa asanu alionse amene adaponya voti adakana Mayi Joyce Banda. Iwo adapeza mavoti 20 peresenti, kumbuyo kwa a Peter Mutharika amene adapeza 36 peresenti ndi a Lazarus Chakwera amene adapeza pafupifupi 28 peresenti. Chibwerereni ndale za zipani zambiri mu 1994, palibe pulezidenti wina wokhala pampando amene adathera pa nambala yachitatu. Kuchokera tsiku limenelo, ambiri amatenga zotsatirazi ngati chigamulo chomaliza pa ulamuliro wawo, ndipo dzina lawo likatchulidwa, mawu amene amatsatira ndi awiri basi: kugwa kwa kwacha ndi Cashgate. Ndikuona kuti chigamulo chimenechi n'choperewera, ndipo kuperewera kwake kukuonetsa vuto lalikulu pa mmene timayezera atsogoleri athu onse.

Voti imayankha funso loti anthu akumva bwanji m'thumba ndi m'mimba pa tsiku loponya. Limeneli ndi funso lofunika, ndipo wovota ali ndi ufulu wonse woliyankha mmene akufunira. Koma ndi losiyana ndi funso loti dziko lidasiyidwa bwino kuposa mmene lidapezedwera kapena ayi. Umboni suli patali. Mu 2009 a Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 66 peresenti, zimene sizidaonekepo m'nthawi ya demokalase, ndipo anthu adali ndi zifukwa zomveka: makuponi a feteleza adadzaza nkhokwe, misewu inkamangidwa, ngongole zakunja zidakhululukidwa mu 2006. Komabe pa nthawi yomwe anthu ankavina chipambano chimenecho, mbewu ya mavuto a 2011 idali itafesedwa kale, chifukwa kwacha inkagwiridwa pa mtengo umene sunkagwirizana ndi ndalama zakunja zimene dziko linkapeza. Tikadayeza a Bingu ndi mavoti a 2009 okha, tikadaphonya zimene zinkabwera. Ngati mavoti ochuluka angabise matenda, mavoti ochepa nawo angabise ntchito imene idagwiridwa.

Kuti tiyeze pulezidenti mwachilungamo, poyambira ndi pamene adalipeza dziko. Alimi awiri akhoza kukolola matumba ofanana, koma ngati wina adalowa m'munda wachonde wolimalima kale pamene mnzake adalowa m'munda woguga mvula itayamba kale, sitinganene kuti adagwira ntchito yofanana. Mayi Banda, amene adali wachiwiri kwa pulezidenti, adalumbira pa 7 Epulo 2012, patatha masiku awiri a Bingu atamwalira mwadzidzidzi. Aliyense amene adali ndi nzeru nthawi imeneyo akukumbukira mmene zinthu zidalili. Magalimoto ankagona m'malo omwetsera mafuta masiku angapo, anthu ankayenda ndi zigubu, ndipo mabanki adalibe ndalama zakunja zoti amalonda aitanitsire katundu. Dziko la Britain lidali litaimitsa thandizo la mu bajeti, kutsatira kupirikitsidwa kwa kazembe wake Fergus Cochrane-Dyet mu Epulo 2011. Pulogalamu ya IMF idali itaima. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu pafupifupi 20 adaphedwa. Ku Chancellor College maphunziro adasokonekera kwa miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho wophunzira wa ku Polytechnic, Robert Chasowa, adapezeka atafa. Munthu amene adalandira zonsezi adalibe chipani champhamvu m'Nyumba ya Malamulo, chifukwa chipani cholamula cha DPP chidawachotsa mu Disembala 2010 ndipo chipani chawo cha People's Party chidali chakhanda. Adatsala ndi miyezi 25 yokha chisankho chisanafike.

Mwezi umodzi atangolowa, pa 7 Meyi 2012, Banki Yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, n'kuisiya kuti iziyenda ndi msika. Mitengo ya mafuta idayambanso kutsata mitengo ya kunja. Apa m'pamene pali chimake cha nkhani yonse. Mtengo wa K168 udali wa pa pepala. Amene ankapeza dola pa mtengo umenewo adali ochepa, odziwana ndi akuluakulu; wina aliyense ankaigula kwa mavenda pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mitengo ya m'magolosale idali itayamba kale kutsata mtengo wa mavendawo. Mlimi wa fodya ndiye ankaluza kwambiri, chifukwa madola a fodya wake ankasinthidwa pa mtengo wa boma pamene feteleza, sopo ndi malata ankazigula pa mtengo wamseri. Choncho kugwa kwa kwacha sikudayambe mu Meyi 2012. Kudali kutachitika kale, kungoti boma linkakana kuvomereza. Chimene Mayi Banda adachita n'kuvomereza poyera, podziwa kuti amene wavomereza ndi amene anthu adzamuloze chala. Zotsatira zake zidaoneka msanga. Mizere ya mafuta idatha, IMF idavomereza pulogalamu yatsopano ya madola pafupifupi 157 miliyoni mu Julaye 2012, maiko otithandiza adabwerera, ndipo chuma chimene chidakula ndi peresenti yosakwana 2 mu 2012 chidakula ndi peresenti yoposa 5 mu 2013.

Wotsutsa anena kuti ziwerengero zimenezi sizidyedwa, ndipo akunena zoona. Kumayambiriro kwa 2013 kukwera mitengo kwa zinthu kudapitirira 30 peresenti. Mu Januwale chaka chimenecho bungwe la anthu ogula la CAMA lidatsogolera zionetsero, ndipo mu Febuluwale ogwira ntchito m'boma adanyanyala ntchito. Munthu wolandira malipiro okhazikika, mphunzitsi, namwino, mlonda, adaona ndalama yake ikusungunuka m'manja. Ululu umenewu sudali wongopeka, ndipo boma lidachedwa kuteteza osauka a m'matauni amene adamenyedwa kwambiri. Koma funso loyenera kufunsa ndi lakuti njira ina idali iti. Kupitiriza kugwira kwacha pa K168 kukadatanthauza kupitiriza kusowa mafuta, mankhwala ndi feteleza, popeza ndalama zakunja sizikadabwera chifukwa choti boma lakana kusintha nambala. Amene amati Mayi Banda adangomvera IMF ayenera kutiuza kumene madola ogulira mafuta akadachokera pa nthawi imene nkhokwe ya ku Reserve idali itatsala pang'ono kuuma. Sitingadzudzule mtsogoleri posiya njira imene kudalibe.

Pali chitsutso china chakuthwa kuposa ichi. Wina angati kugwetsa kwacha si ungwazi, popeza boma la a Chakwera nalo lidaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma mizere ya mafuta sidathe ndipo palibe amene akuwayamikira. N'zoona kuti kugwetsa ndalama pakokha si ntchito yabwino. Chimene chimasiyanitsa ndi zimene zimatsagana nako. Mu 2012 kwacha idasiyidwa kuti iziyenda, moti mtengo wa kubanki ndi wa mavenda zidayandikana ndipo madola adayamba kudzeranso kubanki. Pambuyo pa Novembala 2023 kwacha idamangiriridwanso pa mtengo umodzi, mtengo wa mavenda udathawanso mpaka kuposa kawiri wa kubanki, ndipo anthu adalipira ululu wa kugwa kwa ndalama popanda kulandira phindu lake. Kufanizira nthawi ziwirizi kukuthandiza mbali ya Mayi Banda, chifukwa kukuonetsa kuti mfundo imodzimodzi ikhoza kugwiridwa mpaka pamapeto kapena kusiyidwa panjira, ndipo a Malawi adalawa zonse ziwiri.

Vuto lina la kayezedwe kathu ndi loti timakonda kupereka ulemu kwa amene wadula riboni. Bungwe la boma la America la Millennium Challenge Corporation lidali litaimitsa thandizo la madola 350 miliyoni lokonzera magetsi chifukwa cha zimene zidachitika mu Julaye 2011. Mu Juni 2012, miyezi iwiri ya ulamuliro wa Mayi Banda itangokwana, thandizoli lidabwezeretsedwa. Ntchito idayamba mu Seputembala 2013 n'kutha mu 2018, ndipo ndi imene idakonzanso malo opangira magetsi a Nkula A ndi kumanga mzere waukulu wa nthambo za magetsi kuchoka ku Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma. Pamene zinthuzi zinkatsegulidwa, pampando padali a Peter Mutharika. Chilungamo chikufuna kuti tinene kuti pangano loyamba lidasainidwa m'nthawi ya a Bingu, lidatayika m'nthawi yawo yomweyo, lidapulumutsidwa ndi Mayi Banda, ndipo lidamalizidwa ndi boma la a Peter. Ntchito zazikulu za dziko zimatenga zaka zoposa zisanu, choncho amene amawerenga zomangamanga zotsegulidwa m'nthawi ya pulezidenti amakhala akuwerenga zisankho za amene adalipo kale. Pulezidenti wa zaka ziwiri amaluza kwambiri pa muyezo woterewu, chifukwa chilichonse chimene wayamba chimakatsegulidwa ndi wina.

Palinso ntchito zimene sizioneka ndi maso chifukwa zidali zochotsa. Nyumba ya Malamulo idafafaniza gawo 46 la malamulo a milandu, limene linkapatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala kapena buku. Idafafanizanso lamulo limene linkavutitsa nzika kutenga chiletso cha khoti potsutsana ndi boma. Mbendera ya dzuwa lotuluka, imene idasinthidwa mu 2010 anthu ambiri asakufuna, idabwezeretsedwa mu Meyi 2012. Komiti yofufuza za imfa ya Chasowa idapeza kuti mnyamatayo adachita kuphedwa, kusiyana ndi zimene apolisi adanena poyamba zoti adadzipha. M'zaka ziwiri zomwezo mudadutsa lamulo la anthu olumala la 2012, lamulo loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013, ndi lamulo loti akuluakulu a boma aziulula chuma chawo la 2013. Ndimaika mtima kwambiri pa malamulo ofafanizidwawo, chifukwa si kawirikawiri mtsogoleri kupeza chida choopsezera omutsutsa chili pa tebulo n'kuchitaya. Ambiri amadzudzula lamulo loipa ali kotsutsa, akalowa m'boma n'kuona kuti likuwathandiza. Mtolankhani amene lero akulemba modzudzula boma popanda kuopa kuti nduna itseka nyuzipepala yake mawa akudya phindu la chisankho cha 2012, ngakhale sangachione pamsewu monga amaonera mlatho.

Cashgate ndiye mlandu waukulu, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, Paul Mphwiyo, adawomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku Lilongwe, ndipo kuchokera pamenepo kudaululika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera m'makina olipirira a IFMIS kupita ku makampani amene sadagwire ntchito iliyonse. Kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013, ndipo lipoti lotsatira lidakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo la mu bajeti la madola pafupifupi 150 miliyoni, kutanthauza kuti chikhulupiriro chimene chidabwezeretsedwa mu 2012 chidatayikanso m'manja mwa munthu yemweyo. Ena mwa amene makhoti adawapeza olakwa adali pafupi ndi boma: Oswald Lutepo adali ndi udindo mu People's Party, ndipo Ralph Kasambara, amene adapezeka wolakwa pa mlandu wokonza chiwembu chofuna kupha Mphwiyo, adali nduna ya zachilungamo yosankhidwa ndi Mayi Banda. Pulezidenti sangathawe udindo pa zimene zachitika pansi pa mphuno yake. Ngati ankadziwa, ndi mlandu. Ngati sankadziwa, ndi kulephera kuyang'anira. Pa nkhani imeneyi Mayi Banda adalephera, ndipo wowateteza aliyense ayenera kuyambira pa kuvomereza zimenezi.

Tikavomereza, tifunsenso mafunso awiri amene kawirikawiri amadumphidwa. Loyamba ndi loti kodi kubaku kudayamba liti. Kafukufuku wa kampani ya PwC amene adatuluka mu 2015 adapeza ndalama zokwana K577 biliyoni zimene mabuku a boma sankagwirizana pa kayendedwe kake pakati pa 2009 ndi 2014. Si zonse zimene zidabedwa, ndipo chiwerengerochi chidatsitsidwa atachiunikanso, koma chikuonetsa kuti chiboo cha mu IFMIS chidali chotseguka Mayi Banda asanalowe. Lachiwiri ndi loti kodi adachita chiyani zitaululika. Adathetsa kabineti mu Okutobala 2013, adalola akatswiri akunja kulowa m'mabuku a boma, ndipo anthu ambiri adamangidwa chisankho chili pafupi, nthawi imene wandale aliyense amafuna nkhani yoipa ikwiriridwe. Chifukwa chimene timadziwira mayina, macheke ndi makampani a Cashgate mwatsatanetsatane n'choti kafukufuku adaloledwa. Pa Mayi Banda eni ake, apolisi adalengeza mu 2017 kuti ali ndi chikalata chowamangira, koma mu 2018 bungwe lothana ndi katangale la ACB lidati lidalibe umboni wokwanira wowalumikiza ndi mlanduwu, ndipo atabwerera kumudzi kuchokera kunja chaka chomwecho sadazengedwe mlandu. Zimenezi sizikuwayeretsa pa udindo wa kuyang'anira. Zikungotichenjeza kuti ngati tiyeza katangale ndi kuchuluka kwa nkhani zimene zatuluka, tidzakhala tikulanga boma limene latsegula mabuku n'kupereka mphotho kwa limene lawatsekera m'kabati.

Zolakwa zina n'zawo ndithu, zopanda wina womukankhira. Adayendayenda m'dziko muno kugawa chimanga, ng'ombe ndi nyumba pamisonkhano ya chipani chawo, mchitidwe umene umasandutsa thandizo la boma kukhala mphatso ya munthu mmodzi. Adalandira m'chipani ndi mu kabineti andale ambiri amene dzulo lake ankawanyoza, ndipo zimenezi zidafooketsa lonjezo la kusintha. Ndege ya pulezidenti idagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, chinthu chimene chidayamikiridwa kunja, koma boma lidapereka mayankho osiyanasiyana pa kumene ndalamazo zidapita. Choipa kuposa zonse chidachitika pa 24 Meyi 2014, pamene adalengeza kuti afafaniza chisankho ndipo china chichitike pasanathe masiku 90. Chisankhocho chidalidi ndi zosokonekera zambiri, ndipo iwo adati sadzaimanso, koma malamulo oyendetsera dziko sapatsa pulezidenti mphamvu imeneyo. Munthu amene adalowa pampando chifukwa ena adaumirira kuti malamulo atsatidwe sankayenera kuyesa kuwalumpha. Khoti Lalikulu lidaimitsa chilengezocho, iwo adagonja, ndipo a Peter Mutharika adalumbira pa 31 Meyi popanda msilikali kutumizidwa kukatseka khoti kapena ofesi ya bungwe la chisankho. Kuyesako kuyenera kulembedwa ngati banga, ndipo kugonjera khoti kuyenera kulembedwa pambali pake, chifukwa m'maiko ambiri a kuno ku Africa nkhani yotere siithera pamenepo.

Chitsutso chomaliza chimene chimamveka ndi choti aliyense amene akadalowa mu Epulo 2012 akadachita zomwezo, choncho palibe choyamikira. Mbiri ya masiku atatu a imfa ya a Bingu ikutsutsa zimenezi. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zingapo zidauza atolankhani kuti Mayi Banda sangalowe m'malo mwa pulezidenti chifukwa adayambitsa chipani chawo, ngakhale gawo 83 la malamulo oyendetsera dziko limanena momveka kuti wachiwiri ndi amene amalowa. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, adaima pa malamulo. Amene ankafuna kutsekereza Mayi Banda adali anthu omwewo amene adateteza mfundo za kwacha, bajeti yosadalira thandizo lakunja ndi malamulo opondereza aja. Palibe chimene chikuonetsa kuti akadasintha njira mwezi umodzi. Ngakhale pa nkhani zakunja padali chisankho chenicheni: mu 2011 Omar al-Bashir wa ku Sudan, amene ankafunidwa ndi khoti la ICC, adalandiridwa ku Lilongwe, pamene mu 2012 Mayi Banda adakana kumulandira, ndipo msonkhano wa African Union umene udayenera kuchitikira kuno udasamukira ku Addis Ababa. Wina akhoza kutsutsa chisankho chimenecho ngati kugonjera azungu, koma sanganene kuti aliyense akadachita chimodzimodzi, popeza amene adalipo chaka chimodzi m'mbuyomo adachita zosiyana.

Sindikunena kuti Mayi Banda adali pulezidenti wamkulu kuposa onse, ndipo zaka ziwiri n'zochepa kuti munthu atchulidwe choncho. Ndikunena kuti pa mafunso oti adapeza chiyani, adasankha chiyani pamene njira zidali ziwiri, ndipo adatani ndi mphamvu zimene akadatha kuzisunga, malo awo ali pamwamba kuposa pamene 20 peresenti idawaika. Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti andale amawerenga zotsatira za chisankho mosamala kuposa tonsefe. Phunziro limene aliyense wofuna mpando adatola mu 2014 ndi loti amene wavomereza mtengo weniweni wa kwacha ndi kulola owerengera ndalama akunja kulowa ku Capital Hill amathera pa nambala yachitatu. Kuchokera pamenepo, boma lililonse likaona ndalama zakunja zikuchepa limakhala ndi chifukwa chochedwetsera chisankho chowawa mpaka voti itadutsa, ndipo miyezi ya kuchedwako imalipiridwa ndi woyendetsa minibasi amene wagona pamzere wa mafuta ndi wodwala amene wauzidwa kuti akagule yekha mankhwala.